Kodi vinyo wotchipa akakhalitsa m'botolo amakoma?

Pali mawu ofala akuti vinyo akamakalamba ndiye amanka nakoma, ndipo mawu amenewa awonongetsa mabotolo osawerengeka. Vinyo wambiri amene amagulitsidwa m'masitolo, makamaka wa mtengo wotsika ndi wapakatikati, amachoka kwa omupanga atapsa kale. Amafunika kumwedwa chisanathe chaka chachiwiri kapena chachitatu. Kumubisa m'kabati zaka 8 podikira tsiku lalikulu sikumuwonjezera kanthu. Fungo la zipatso limathawa, mtundu umasanduka wabulauni, m'kamwa n'kungotsala kuwawasa.

Jancis Robinson, katswiri wa ku Britain pa nkhani za vinyo, anayerekezera kuti pa mitundu 100 iliyonse ya vinyo wofiira, pafupifupi 10 yokha ndi imene imakoma kwambiri ikafika zaka 5 kuposa mmene inalili chaka choyamba. Kwa vinyo woyera chiwerengerocho chimatsikira pa 5. Wotha kudutsa zaka 10 akupitabe patsogolo ndi mtundu umodzi wokha pa 100.

Koma mtengo pawokha suweruza mlanduwu. Alipo vinyo wodula amene amafa msanga, aliponso wotchipa amene amapirira zaka 10 n'kutuluka atasintha mokomera womwa. Zimadalira zimene zinalowa m'botolomo tsiku lotseka, chifukwa zaka sizithiramo chatsopano, zimangosandutsa zimene zilimo kale. Ndiye funso lenileni ndi lakuti zinthu zimenezo munthu angazizindikire bwanji ndi lilime lake vinyo akadali watsopano.

Zimene zimachitika mkati mwa botolo

Fungo la vinyo watsopano limachokera kuwiri, ku mphesa zenizenizo ndi ku yisiti imene inawiritsa madzi ake. Yisiti ikamasandutsa shuga kukhala mowa imapanganso timankhwala totchedwa ma ester, ndipo kafungo ka nthochi, chinanazi kapena apulo kamene mumamva mu vinyo woyera watsopano kamachokera kumeneko. Timankhwalati sitikhalitsa. Asidi wa m'vinyo momwemo amatiphwanya pang'onopang'ono, moti pakatha chaka kapena ziwiri tambiri timakhala titapita. Vinyo woyera wa mphesa za Sauvignon Blanc amaonetsa zimenezi bwino: fungo lake lolasa mphuno lija, longa la magalagadeya, limachepa kwambiri m'chaka choyamba chomwe. Vinyo amene kukoma kwake konse kuli pa fungo lotereli, fungolo likachoka sipakhala cholowa m'malo.

Mu vinyo wofiira muli tanini, wochokera ku makoko, njere ndi timitengo ta mphesa, wina n'kuchokera ku migolo ya mtengo wa oki. Tanini simungamumve ndi mphuno. Amamveka m'kamwa, lilime ndi nkhama zikamauma ndi kukhakhala, monga zimakhalira mukamwa tiyi wopanda mkaka amene masamba ake akhalitsa m'madzi. Zimatero chifukwa tanini amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovuwo n'kusiya kuterera. Zaka zikamapita tanini amalumikizana ndi timankhwala timene timapatsa vinyo mtundu wofiira, amasintha kapangidwe, ndipo wina amagwa pansi pa botolo ngati nsenga. N'chifukwa chake vinyo wofiira wokalamba amafewa m'kamwa, mtundu wake n'kuchoka pa kufiira kodera kupita ku mtundu wa njerwa, kuyambira m'mphepete mwa tambula. Woyera amayenda njira ina: amanka nada, kuchoka pa kuyererako kufika pa golide, kenako bulauni.

Asidi ndiye amasocheretsa ambiri. Anthu amaganiza kuti vinyo wowawasa akakhalitsa asidiyo atha. Satha. Kuchuluka kwake kumakhala pafupifupi momwemo, ndipo kukhalapo kwakeko ndi kumene kumateteza vinyo, chifukwa tizilombo towononga sitichita bwino mu asidi wambiri, komanso okosijeni sathamanga kugwira ntchito. Koma ngati vinyo anali wamadzimadzi chiyambire, zipatso zikathawa asidiyo amatsala yekha pabwalo, vinyoyo n'kumamveka wowawasa kuposa kale.

Kenako pali mpweya. Louis Pasteur, wasayansi wa ku France, anaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti okosijeni ndi amene amakhwimitsa vinyo, ndipo ndi yemweyonso amamupha akachuluka. Botolo lotseka limakhala ndi okosijeni pang'ono amene anasungunuka m'vinyo pothira, wina m'kampata ka pakhosi, ndipo wina amalowa pang'onopang'ono kudzera pa chitsekero. Mlonda wake ndi mankhwala a salufa otchedwa sulphur dioxide. Opanga ambiri amatseka botolo muli mamiligalamu 25 mpaka 35 a salufa wogwira ntchito pa lita imodzi. Salufayo amanka nachepa akamalimbana ndi zotsatira za okosijeni, ndipo akatsikira cha pa 10, vinyo woyera amayamba kuda ndi kumveka fungo la apulo wocheka amene wagonera pamtetete.

Vinyo amene ali ndi zokwanira zomuteteza amadutsa m'zonsezi n'kutulutsa fungo limene linalibe kale: chikopa, fodya wouma, bowa, dothi lonyowa, zipatso zouma, uchi, mtedza wokazinga. Vinyo woyera wa mphesa za Riesling akakalamba amatha kumveka kafungo ka palafini, kochokera ku mankhwala otchedwa TDN, ndipo omukonda amakafunafuna kafungo kameneko. Apa ndi pofunika kunena chilungamo. Si aliyense amene amakonda zimenezi. Alipo anthu ambiri amene amati akalawa vinyo wa zaka 15 wosungidwa bwino amaona ngati wawonongeka, n'kulakalaka watsopano wonunkhira zipatso. Musanayambe kusunga, pezani kaye botolo limodzi lokhwima kale mumve ngati ndi komwe mukufuna kupita.

Chifukwa chake wotchipa amabwera atapsa kale

Zimayambira kumunda. Mpesa ukabala kwambiri, madzi ake amasukuluka. Ku Sauternes, m'dera la Bordeaux ku France, lamulo sililola kupitirira malita 2,500 pa hekitala, pamene minda yothirira yolima mphesa za vinyo wamba imatha kudutsa malita 10,000. Botolo lochokera ku munda wachiwiriwu lingathe kukoma ndithu, koma mulibe zambiri zoti zaka zigwirirepo ntchito.

Kufakitale nako amachita dala kuti vinyo afewe msanga. Vinyo wofiira woti akhalitse amasiyidwa pamodzi ndi makoko ake milungu iwiri, itatu ngakhale inayi kuti atenge tanini wambiri. Wotchipa amachotsedwa pa makoko patangotha masiku ochepa. Ena amatenthetsa mphesa kufika madigiri seshasi 60 mpaka 80 asanaziwiritse, kuti mtundu utuluke wambiri tanini akadali wochepa. Vinyo wotere amaoneka wakuda bii, ngati wamphamvu, koma mtunduwo sukhazikika ndipo umafwifwa msanga. Pali njira yolowetsa timpweya ta okosijeni m'thanki pang'onopang'ono, imene wopanga vinyo wina, Patrick Ducournau, anayambitsa ku Madiran, kumwera chakumadzulo kwa France, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pofuna kuweta tanini wolusa wa mphesa za Tannat. Lero mafakitale akuluakulu amaigwiritsa ntchito kuti achite m'miyezi yochepa zimene mgolo ukanachita m'chaka kapena kuposerapo. M'malo mwa mgolo wa malita 225, umene ndi wodula, amaponya tizidutswa ta oki m'thanki yachitsulo kuti mumveke fungo la vanila ndi utsi. Amachotsa tanini wina pogwiritsa ntchito mapuloteni monga a dzira, amasefa bwinobwino kuti pasadzaoneke nsenga, ndipo nthawi zambiri amasiyamo magalamu angapo a shuga pa lita kuti m'kamwa muzimveka mofewa.

Zimenezi si chinyengo. Wogula wambiri amatsegula botolo tsiku lomwe walitenga kapena mlungu womwewo, ndiye wopanga amamukonzera zimene zingamukomere usiku umenewo. Beaujolais Nouveau, vinyo wofiira watsopano wa ku Beaujolais ku France, amachita kunena poyera: amatuluka Lachinayi lachitatu la Novembala, patangotha milungu yochepa mphesa zitathyoledwa, ndipo palibe amene amayembekezera kuti aone Novembala winayo. Vuto limabwera wogula akafuna kuti vinyo wotere achite ntchito imene sanamupangire.

Chotengera chake chimaululanso zolinga za wopanga. Vinyo wa m'katoni yokhala ndi thumba mkati, njira imene Thomas Angove wa ku South Australia analembetsa mu 1965, ndi wabwino mukatsegula chifukwa thumbalo limafota popanda kulowetsa mpweya, ndipo amakhala milungu 4 mpaka 6. Koma pulasitikiyo imalowetsa okosijeni pang'onopang'ono ngakhale musanatsegule, moti kupitirira chaka chichokereni kufakitale amakhala atayamba kutha. Botolo la galasi loyera mbee ndi chizindikiro china choti mumwe msanga.

Za zitsekero, bungwe la Australian Wine Research Institute linachita kafukufuku wotchuka kuyambira mu 1999. Linathira vinyo woyera mmodzimodzi wa mphesa za Semillon m'mabotolo otsekedwa ndi zitsekero za mitundu 14. Patapita zaka zochepa mabotolowo ankaoneka ngati muli vinyo wosiyanasiyana, ena akadali oyera, ena atasanduka abulauni. Zitsekero zapulasitiki za nthawi imeneyo ndi zimene zinalowetsa mpweya wambiri, pamene chachitsulo chopotokola chinasunga salufa ndi fungo bwino kuposa zonse. Choncho chitsekero chopotokola si umboni wa vinyo wachabechabe. Opanga Riesling a ku Clare Valley ku Australia anasamukira pa chimenechi limodzi mu 2000, ndipo cholinga chawo chinali choti vinyo wawo azikalamba bwino.

Wotchipa amene amapirira

Mtengo wa vinyo umatsatira kutchuka kwa dera ndi kudula kwa malo kuposa mmene umatsatirira mphamvu za m'botolo. Pamenepa ndi pamene pali mwayi. Madera amene sanatchuke, kapena mphesa zimene anthu sazithamangira, zimapereka vinyo wa asidi wokwanira, tanini wolimba ndi zipatso zokhuthala pa mtengo wofikirika.

Kwa woyera, chitsanzo chodabwitsa ndi Semillon wa ku Hunter Valley ku Australia. Amathyola mphesa msanga, mowa wake umangokhala maperesenti 10 kapena 11, ndipo akadali watsopano amamveka ngati madzi a ndimu basi. Pakatha zaka 5 mpaka 10 amayamba kununkhira uchi ndi buledi wowotcha, wosadziwa n'kumalumbira kuti anakhala mumgolo pamene sanaugundeko n'komwe. Riesling wa ku Mosel ku Germany wolembedwa Kabinett kapena Spätlese ali ndi mowa wochepa, cha m'ma 8 peresenti, koma asidi wake wambiri pamodzi ndi shuga wotsalamo zimamusunga zaka zambiri. Chenin Blanc wa ku Vouvray ku France, komanso wochokera ku mipesa yakale ya ku South Africa, amatero nayenso.

Kwa wofiira, yang'anani Cabernet Sauvignon wosatsekemera wa ku Maipo ku Chile, Coonawarra ku Australia kapena Stellenbosch ku South Africa, Tannat wa ku Madiran, Malbec wa ku Cahors ku France, Baga wa ku Bairrada ku Portugal ndi Xinomavro wa ku Naoussa ku Greece. Ngakhale ku Beaujolais komwe, madera a Morgon ndi Moulin-à-Vent amapanga vinyo wosiyana kotheratu ndi Nouveau uja. Ambiri mwa amenewa sakufuna zaka 20. Zaka 3 mpaka 8 zimakwanira kuti tanini agonje zipatso zisanathawe.

Njira yachidule ndi kugula amene wopanga anakusungirani kale. Malamulo a ku Rioja ku Spain amati vinyo wofiira wolembedwa Crianza akhale zaka 2 asanagulitsidwe, Reserva zaka 3, ndipo pa zonsezi chaka chimodzi chikhale cha mumgolo. Gran Reserva amakhala zaka 5, ziwiri mumgolo. Ameneyu ndiye botolo loyenera kuyambira munthu wofuna kudziwa mmene vinyo wokhwima amamvekera.

Osavutika kusunga rosé, Pinot Grigio, Prosecco, Moscato, Vinho Verde, sherry wa fino, kapena wofiira wofewa wotsekemerako wosalembedwa chaka. Tawny port ndi Madeira, vinyo wa ku Portugal wowonjezeredwa mowa waukali, amakhalitsa, koma anakhwimira kale mumgolo ndipo m'botolo sasinthanso kwenikweni. Kudulanso sikuteteza: kuyambira ndi zokolola za cha mu 1995 ndi 1996, mabotolo ambiri odula a vinyo woyera wa ku Burgundy ku France ankapezeka atada ndi kusukuluka zaka zake zisanakwane, ndipo vutoli linasautsa ogula kwa zaka zambiri.

Kulawa kopanda kudzinamiza

Lilime limamvera maso ndi thumba kuposa mmene timaganizira. Mu 2008 Hilke Plassmann ndi anzake ku California anapatsa anthu vinyo mmodzimodzi kawiri, ulendo wina n'kuwauza kuti ndi wa madola 10, wina wa madola 90. Anthuwo anati wachiwiriyo ndiye wokoma, ndipo makina ounika ubongo anaonetsa kuti mbali yomva kukoma inagwiradi ntchito kwambiri. Sankanama, ankamvadi choncho. Chaka chomwecho Robin Goldstein ndi anzake anasanthula zotsatira zoposa 6,000 za anthu olawa asakudziwa mtengo, n'kupeza kuti amene sanaphunzire za vinyo sankakonda wodula kuposa wotchipa, mwinanso ankapendekera pang'ono kwa wotchipayo. Ophunzira nawo sapulumuka. Mu 2001 ku Bordeaux, Frédéric Brochet ndi anzake anathira utoto wofiira wopanda fungo mu vinyo woyera, ophunzira 54 a za vinyo n'kumufotokoza ndi mawu a vinyo wofiira.

Ndiye choyamba ndi kubisa lebulo. Tengani mabotolo 4 mpaka 6 a mphesa za mtundu umodzi koma a mitengo yosiyana, wina awakulunge ndi pepala mpaka pakhosi ndi kuwalemba manambala. Kupitirira 6 lilime la munthu wosazolowera limatopa, makamaka ndi tanini. Matambula akhale ofanana, otakasuka pansi ndi opanikiza kukamwa kuti fungo lisabalalike. Tambula yovomerezeka yolawira imalowa mamililita 215, koma mumathiramo 50 okha, kutanthauza kuti botolo la mamililita 750 limakwanira anthu 15. Pakhale madzi akumwa ndi chotengera cholavuliramo, chifukwa mukamameza, pofika botolo lachinayi vinyo aliyense amakhala wokoma. Pasakhale perefyumu kapena utsi, ndipo aliyense alembe zake asanamve za mnzake. Woyamba kuyankhula mokweza amatenga gulu lonse.

Kuzizira kwa vinyo kumasintha zambiri. Woyera alawidwe pa madigiri 8 mpaka 12, wofiira pa 15 mpaka 18. Wozizira kwambiri amatseka fungo, labwino ndi loipa lomwe, ndipo n'chifukwa chake woyera wosalongosoka amapitirira bwinobwino akangotuluka m'firiji. Wofiira wotentha kupitirira madigiri 20 amangomveka mowa wobaya mphuno. Kumuika m'firiji mphindi 20 kumakonza zimenezo.

Pendeketsani tambula pamwamba pa pepala loyera muone m'mphepete. Wofiira wa zaka ziwiri amene wayamba kale kuoneka ngati njerwa akukalamba mothamanga. Timizere totsetsereka m'mbali mwa tambula tisakutengeni mtima, timangosonyeza mowa ndi shuga. Nunkhizani musanazunguze, kenako zunguzani n'kununkhizanso. Mukapsontha, sungani vinyoyo m'kamwa masekondi angapo, mumuyendetse mpaka ku nkhama, mukokere kampweya pakati pa milomo, n'kulavula.

Apa ndi pamene funso la kusunga limayankhidwa. Mukalavula weramitsani mutu kukamwa kuli kotsegula pang'ono. Malovu akamabwera ambiri msangamsanga, asidi alimo wokwanira. Kenako imvani nkhama: tanini wabwino amaumitsa koma ali wosalala, pamene wochokera ku mphesa zosapsa amawawa ndi kukanda, ndipo ameneyu zaka sizimukonza. Chachitatu, pakati pa lilime pali kanthu kapena palibe? Vinyo wambiri wotchipa amalonjera bwino kumphuno ndi kunsonga ya lilime, pakati n'kukhala ngati madzi. Chomaliza, werengani masekondi amene kukoma kwa zipatso kumakhalabe mutalavula, osawerengera kutentha kwa mowa. Kukazimiririka masekondi 5 asanakwane, ameneyo ndi wakumwa chaka chino. Kukafika 15 kapena 20, ndipo asidi ndi tanini zilipo, muli ndi choyembekezera. Samalani ndi shuga komanso fungo la vanila, chifukwa zimanamiza kuti vinyo ndi wokhuthala.

Pali kuyesa kwina kosavuta. Imwani theka la botolo, mutseke, muike pozizira, mulawenso mawa ndi mkuja. Zimene mpweya wambiri umachita m'masiku awiri si zofanana ndi zimene mpweya wochepa umachita m'zaka 5, koma zimakuuzani mmene vinyoyo amalimbira akakumana ndi okosijeni. Amene wasukuluka pofika mawa sangapirire zaka. Amene tsiku lachiwiri watseguka n'kukoma kuposa loyamba ndi woyenera kumuyesa.

Musaweruze vinyo ndi botolo lodwala. Fungo la katoni yonyowa kapena la chipinda chachuku limachokera ku mankhwala otchedwa TCA, amene nthawi zambiri amabwera ndi chitsekero cha cork, lija khungwa la mtengo wina wa oki wolimidwa kwambiri ku Portugal ndi ku Spain. Mphuno imawamva ngakhale atakhala mananogalamu ochepa pa lita (nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu), ndipo akachepa kwambiri amangopha fungo la zipatso osadzionetsa. Salowa chifukwa cha kasungidwe ndipo sachoka. Fungo la dzira lowola kapena la machesi oyaka kumene limabwera vinyo akasowa mpweya, ndipo kawirikawiri limachoka mukamuthira m'jagi ndi kumuzunguza. La viniga kapena la mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo ndi ntchito ya mabakiteriya, ndipo limanka likula. Timiyala tonga magalasi pansi pa botolo kapena pa chitsekero ndi asidi wa mphesa amene waundana ndi kuzizira, tilibe vuto.

Kusunga, ndi zimene zimalakwika

Mdani wamkulu ndi kutentha. Malo abwino ndi a madigiri 12 mpaka 14 osasinthasintha, ngakhale kuti paliponse pakati pa 10 ndi 15 m'pabwino. Mwachidule, madigiri 10 alionse owonjezera amathamangitsa kusintha kwa m'botolo pafupifupi kawiri. Wina angaganize kuti imeneyi ndi njira yokhwimitsira msanga, koma zinthu sizithamanga mofanana: zipatso zimathawa tanini asanafewe. Kupitirira madigiri 30, monga m'galimoto yoima padzuwa, vinyo amafufuma, amakankha chitsekero ndi kudontha, kenako amamveka ngati jamu wopsereza. Pogula, botolo lomata pakhosi kapena limene chitsekero chake chatukuka lisiyeni. Kutentha masana ndi kuzizira usiku kumaipanso mwa njira yake, chifukwa vinyo akamafufuma ndi kubwerera tsiku ndi tsiku amakoka mpweya pa chitsekero. Khitchini, pamwamba pa firiji ndi pafupi ndi denga ndi malo oipitsitsa, ndipo ndi kumene mabotolo ambiri amakhala.

Kuwala kumawononga msanga kuposa mmene anthu amayembekezera. Kukagunda riboflavin (vitamini B2) wa m'vinyo kumayambitsa timankhwala ta salufa tonunkha ngati kabichi wophika, ndipo m'botolo loyera loikidwa padzuwa maola ochepa amakwana. Woyera, rosé ndi wathovu ndiwo amavulala kwambiri. Botolo la cork ligonekedwe kuti chitsekero chizikhudza vinyo, ndipo chinyezi cha m'chipinda chikhale cha maperesenti 60 mpaka 70 kuti cork asaume kunja. La chitsekero chopotokola likhoza kuima. Firiji wamba, wa madigiri 3 mpaka 5, ndi wabwino kwa milungu kapena miyezi ingapo, koma mpweya wake ndi wouma kwa cork ndipo kuzizirako kumangoimitsa vinyo osamukhwimitsa. Kukula kwa botolo kumawerengedwanso: khosi la botolo la mamililita 375 ndi la lita imodzi ndi theka n'lofanana kukula, ndiye laling'onolo limalandira mpweya wambiri poyerekeza ndi vinyo amene alimo, n'kukalamba msanga.

Amene alibe chipinda cha pansi pa nthaka asankhe malo a mkatikati mwa nyumba, pansi penipeni, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa, mabotolo ali m'katoni yotseka. Aikepo choyezera kutentha chosonyeza pamene panafika pamwamba ndi pansi, makamaka m'miyezi yotentha. Ngati pamakhala pa madigiri 25 miyezi yathunthu, malire ndi chaka chimodzi. Firiji ya vinyo imathetsa vutoli, koma werengerani bwino, chifukwa mtengo wake ndi magetsi a zaka 5 zikhoza kuposa ndalama zimene munapulumutsa pogula wotchipa.

Mukapeza vinyo amene wakhoza pa kulawa kuja, gulani mabotolo 6 a chaka chimodzi, makamaka a m'katoni imodzi. Tsegulani loyamba tsopano ndi kulemba mtundu, fungo, asidi, tanini ndi masekondi aja, chifukwa pakatha chaka mutu umakumbukira zimene ukufuna. Lachiwiri litsegulidwe pakatha miyezi 12, ena chaka ndi chaka. Lachiwirilo likatsika, otsalawo amwedwe m'miyezi yochepa, palibe chodikira. Koma siyanitsani vinyo amene akufa ndi amene wangotseka pakamwa. Ena a tanini wambiri amakhala ndi nyengo imene fungo lachinyamata lapita koma latsopano lisanabwere. Ameneyu mtundu wake umakhala ukadali wakuda, m'kamwa akadali wodzaza ndi wolimba, ndipo mukamusiya m'tambula ola limodzi amayamba kuyankhula. Wakufayo m'mphepete mwake ndi mwabulauni, pakati pa lilime palibe kanthu, ndipo mpweya umangomumaliza. Kumbukiraninso kuti cork ndi chomera, palibe ziwiri zofanana, ndiye botolo limodzi loipa silitsutsa katoni yonse.

Kuti mudziwe ngati malo anu osungira akuwononga, ikani botolo limodzi m'firiji, linzake pamalo paja. Pakatha chaka wina athire matambula atatu, awiri ochokera m'botolo limodzi, inu mupeze losiyana. Wongoganizira amakhoza kamodzi pa katatu, choncho bwerezani kangapo kapena mulawe anthu angapo.

Tsiku lotsegula botolo lokhalitsa, liimikeni kaye tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhazikike pansi. Cork wakale amafumbutuka, ndiye lowetsani chotsegulira mpaka pansi ndi kukoka pang'onopang'ono. Akaphwanyikira mkati, sefani ndi kansalu koyera kopanda fungo la sopo. Thirani m'jagi mosadukiza kuwala kuli kuseri kwa khosi la botolo, n'kulekeza mukaona nsenga zikufika pakhosi. Vinyo wolimba wa zaka 4 kapena 5 angafune ola limodzi m'jagi, koma wotchipa amene wafika kumapeto kwa mphamvu zake athiridwe m'matambula nthawi yomweyo, chifukwa fungo limene latsalamo limatha kuzimiririka theka la ola lisanakwane.